Jekete ya mvula yopalasira njinga: ziwiri zinandidyera ndalama, yachitatu ndi imene ndikuvala mpaka pano

Tsiku lomwe ndinasiya kuumira n'kuganiza zogula jekete yeniyeni linali Lachiwiri lina mu November, ndafika kuntchito 7 koloko isanakwane, ndavula renikoti yanga ija ya mapaundi 25, ndiye yunifolomu yonse yamatirira pamsana ngati ndagwera mu mtsinje wa Clyde. Mayi wina wa ku Thyolo yemwe timakumana naye pa shifiti ya m'mawa anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti achimwene, mwavala renikoti kapena mwavala ndowa? kkkk ndinaseka koma mumtima zinandiwawa chifukwa kunja kunalibe n'komwe mvula yoti n'kunyowa nayo choncho, kanali kamvumbi chabe. Madzi onse aja anali anga omwe, thukuta.

Ndimakhala ku Govan, mu Glasgow muno ku Scotland, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba cha kumpoto kwa mtsinje ndipo ndimapalasa pafupifupi makilomita 9 kupita, 9 kubwerera, masiku asanu pa sabata, nthawi zina asanu ndi limodzi akandipempha ovataimu. Chitsegulireni mlatho wa Govan-Partick mu September 2024 ulendo unafupika bwino, ndimangowoloka pa Riverside Museum paja n'kukwera mtunda, koma mtundawo ndi umene umatulutsa thukuta. Basi ilipo inde koma ukawerengera pamwezi ndalama yake ndi fizi ya mwana kumudzi, ndiye njinga basi, mvula kapena dzuwa.

Amene simunafike kuno mvetsani kaye za mvula yake. Siili ngati ya kwathu ija yoti kumwamba kwada bii, mabingu, yakhuthuka ola limodzi anthu mwabisala pakhonde la golosale kenako dzuwa phwee aliyense n'kupitiriza ulendo. Ya kuno ndi chiperoni, chija cha ku Thyolo ndi Mulanje mu June ndi July, kungoti chiperoni chake chilibe nyengo, chimabwera January chimabwera August. Eni ake amakatchula kuti smirr kamvula kopyapyala kaja koti sukukaona koma ukunyowa, ndipo tsiku lotuwa lonyowa lozizira amati dreich. Pa chaka Glasgow imalandira mvula yopitirira 1,000 mm, yomwe siyosiyana kwenikweni ndi madera ambiri a kwathu, kungoti kwathu imagwa miyezi isanu n'kutha pomwe kuno aimwaza chaka chonse pang'onopang'ono. Ndiye sungabisale kudikira kuti ikate. Ukadikira uchotsedwa ntchito.

Chondiseketsa n'choti renikoti inayambira mumzinda uno womwe. Charles Macintosh, katswiri wa zamankhwala wa ku Glasgow, mu 1823 analembetsa njira yomata nsalu ziwiri ndi labala wosungunula pakati, n'chifukwa chake mpaka lero anthu kuno renikoti amangoti mac. Ndiye vuto lomwe anthu ankadandaula nalo nthawi imeneyo, loti chovalacho madzi sakulowa koma munthu ukuphikika mkati, ndi lomwelo ndinaligula ine pa mapaundi 25 patatha zaka 200.

Jekete yoyambayo sinditchula komwe ndinagula, inali ya pulasitiki yokhuthala yonyezimira, ya anthu oyenda pansi kapena oonera mpira. Kunena chilungamo madzi a kunja siinkalowetsa ngakhale dontho. Koma inali ngati wavala jumbo. Ukangopalasa mphindi khumi mkati mwayamba kale kutentha, thukuta kamukamu, ndipo poti lilibe kotulukira limatsetsereka m'mikono mpaka kudontha pa handulo. Kenako ukaima pa maloboti mphepo ikakuomba thukuta lija limazizira, ndiye ukunjenjemera uli wonyowa mkati mwa chovala choti chikuteteze. Inalinso yayifupi kumbuyo, ukawerama kugwira handulo imakwera n'kusiya m'chiuno pamtunda, madzi a tayala lakumbuyo onse thii pa buluku, mzere wa matope kuchokera pa chishalo mpaka pakati pa msana. Hudi yake inali yaikulu ngati thumba, ukatembenuka kuti uone galimoto kumbuyo mutu umatembenuka koma hudi yatsala pomwepo, ukungoona mdima wa mkati mwa hudi. Tsiku lina pa Dumbarton Road ndinatsala pang'ono kulowa kutsogolo kwa basi chifukwa cha zimenezi.

Yachiwiri ndinagula pa intaneti mapaundi 70, yolembedwa kuti ndi ya njinga, yachikasu chowala, yopepuka yoti umaipinda n'kulowa m'thumba lake lomwe. Pa pepala analemba 10,000 mm ndi mawu okoma ambirimbiri oti imapuma. Miyezi itatu yoyamba ndinkaitama kwa aliyense. Kenako mapewa anayamba kulowa madzi pomwe pamadutsa malamba a chikwama, ndipo nditaitembenuza ndinapeza timizere ta tepi tomwe amamata pa misoko tayamba kumatuka, kansalu koyera ka mkati kakusupuka ngati khungu la njoka, makamaka pakhosi pomwe pamakhudza thukuta ndi mafuta odzola. Pamenepa gawo lina la mlandu ndi langa, ndibwera pa nkhani yochapa, koma gawo lina n'loti majekete opepuka otere anapangidwira munthu wopalasa Loweruka wopanda katundu kumsana, yemwe amaitulutsa mvula ikayamba n'kuibwezera m'thumba ikakata. Osati ine wa tsiku ndi tsiku ndi chikwama chodzadza yunifolomu, nsapato ndi kontena ya nsima ya dzulo.

Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga kuti manambala amalemba pa majeketewa amatanthauza chani, chifukwa ndinatopa n'kugula ngati ndikusankha tomato. Ya ma mm ija ndi ya madzi. Amatenga paipi n'kuiimika pa nsalu, n'kumathiramo madzi mpaka atayamba kudutsa, ndiye 10,000 mm ndiye kuti madzi anafika mamita 10 kutalika nsalu isanagonje. Zikumveka zambiri eti, koma lamba wa chikwama akamakanikiza paphewa kapena mphepo ikamakankha mvula pachifuwa uli pa liwiro, mphamvu yake imakwera, n'chifukwa chake wopalasa tsiku lililonse ndi katundu ndi bwino ayang'ane 20,000 mm. Nambala inayo ndi ya kupuma, amalemba ma g, monga 10,000 g kapena 20,000 g, kutanthauza kuchuluka kwa nthunzi yomwe ingadutse pa nsalu ya mita imodzi mbali zonse pa maola 24, ikakwera ndiye bwino. Ena m'malo mwake amalemba RET, imeneyo ndi yotembenuza, ikatsika ndiye bwino, pansi pa 6 ndi yopuma kwambiri, 6 mpaka 13 ndi yabwino, ikadutsa 20 ndi jumbo ija. Koma chenjerani, makampani sayeza mofanana onse, ndiye 20,000 g ya uyu ndi 20,000 g ya uyo sizikhala chimodzimodzi pathupi. Ine manambalawa ndimangowatenga ngati sefa yochotsera zinyalala, osati chosankhira.

Nanga nsalu ingakane bwanji madzi koma n'kulola thukuta? Inenso poyamba ndinkaona ngati bodza la otsatsa malonda. Mkati mwa nsaluyo muli kachikopa kopyapyala kwambiri komwe amati membrane. Yotchuka ndi Gore-Tex, yomwe inachokera kwa Bob Gore ku America mu 1969, iye anakoka mwamphamvu kandodo kotentha ka PTFE, zomwe zija amapaka m'mapani osamata, ndipo m'malo moduka kanatambasuka n'kukhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoto n'tating'ono kwambiri moti dontho la madzi silingalowe koma n'tokwanira kuti nthunzi idutse. Pali enanso monga Pertex Shield ndi eVent, ndipo makampani ambiri ali ndi zawozawo. Koma mawu ofunika apa ndi nthunzi. Chimadutsa ndi nthunzi, osati thukuta lomwe layenderera kale ngati madzi, ndipo nthunziyo imatuluka pokhapokha mkati mwa jekete mukhale motentha ndi monyowa kuposa kunja. Kunja kukakhala chinyontho chokhachokha ngati mmene kumakhalira kuno masiku ambiri, imatuluka mwaulesi. Ndipo munthu wokwera mtunda pa njinga amatulutsa thukuta lambiri kuposa lomwe nsalu iliyonse ingathe kutulutsa. Palibe jekete, ngakhale ya mapaundi 400, yomwe ungapalase nayo mwamphamvu mumvula n'kufika uli gwaa ngati wachoka pa ayironi. Amene akukuuzani zimenezo akufuna ndalama zanu.

Ndiye yachitatuyi. Ndinaigula pa Vinted, msika wa pa intaneti wa zovala zovalidwa kale, mapaundi 95 kwa munthu wina yemwe anati anaivala kangapo n'kuona kuti yamuthina, yatsopano inkagulitsidwa kupitirira mapaundi 200. Dzina la kampani ndalisiya dala chifukwa mitundu amasintha chaka ndi chaka ndipo yangayi mwina anasiya kale kupanga, chofunika ndi mmene inapangidwira, zimenezo mungazipeze kwa ambiri. Ndisanagule ndinapita kaye m'mashopu kukayesa masaizi, ku Decathlon ya ku Braehead ndi mashopu ena a njinga m'tauni, kuvala za makampani a Endura, Altura ndi ena kuti ndidziwe kuti thupi langa limakwana mu chani. Endura inayambira konkuno ku Scotland, ndiye mumaiona paliponse pamsewu. Upangiri wanga pa kuyesa: musaime chilili pagalasi ngati mukuyesa suti ya ukwati. Weramani, tambasulani manja kutsogolo ngati mwagwira handulo, muone ngati mikono ikufikabe pa mfundo za dzanja komanso ngati kumbuyo kukuphimba matako. Jekete ya njinga yabwino ukaima nayo imaoneka yopusa, kutsogolo yayifupi kumbuyo yayitali ngati mchira wa bakha, mikono yopitirira. Ukakwera njinga m'pamene imakhala bwino.

Yangayi ndi ya ma layer atatu, kutanthauza nsalu ya kunja, membrane pakati, ndi kansalu kena kopyapyala mkati, zonse zomatidwa pamodzi. Yachiwiri ija inali ya 2.5, yomwe mkati mwake amangopaka timadontho pa membrane m'malo moika nsalu, n'chifukwa chake imapepuka komanso kutchipa koma ukavala ndi malaya a manja aafupi imamata pakhungu ngati pepala la pulasitiki ndipo imatha msanga. Ya ma layer atatu ndi yolemerako, siipindika kukhala kakang'ono, koma mkati simamatira ndipo malamba a chikwama saipweteka. Ndadutsa nayo nyengo yozizira kawiri tsopano, tepi ya pa misoko idakali pomwepo.

Koma chimene ndimaikondera kwambiri si membrane ayi. Ndi mazipi a kukhwapa. Ili ndi zipi yaitali mbali iliyonse kuchokera pamkono mpaka m'nthiti, ndipo ndinganene mosaopa kuti mazipi awiriwa amagwira ntchito kuposa sayansi yonse ya Bob Gore. Ndikamanyamuka kunyumba 6 koloko kukuzizira ndimatseka zonse, ndikawoloka mlatho n'kuyamba mtunda ndimatsegula, mphepo imalowa mbali iyi n'kutulukira mbali iyo, kutentha konse kumachoka, ndipo poti manja ali kutsogolo mvula simalowa pokhapokha ikhale yowomba cham'mbali. Timakoka ta mazipiwo tili ndi tizingwe totalika moti ndimatha kutsegula ndi dzanja limodzi nditavala magolovesi, kanthu kakang'ono koma yesani kusaka kazipi kakang'ono ndi zala zozizira muli pakati pa magalimoto mudzamvetsa. Zipi yakutsogolo imatsegukanso kuchokera pansi, ndiye ukhoza kusiya pachifuwa potseka m'mimba n'kutsegula. Mukapeza jekete ya manambala apamwamba yopanda potulukira mphepo ndi ina ya manambala apakati yokhala ndi mazipi a kukhwapa, tengani yachiwiriyo, ine ndalipira sukulu ya zimenezi.

Hudi yake imakwana pamwamba pa helemeti ndipo ili ndi kachingwe kumbuyo komangira, ukatembenuka imatembenuka nawe. Komabe kunena zoona masiku ambiri sindiivala, imatseka makutu ndipo pamsewu ndimafuna kumva galimoto ikubwera, ndimangovala kachipewa kopyapyala pansi pa helemeti n'kukweza kolala. Kolala ndi yaitali yofika pachibwano, mkati muli kansalu kofewa, sikukanda. Kumapeto a mikono kuli zomata zija zokakamira, ndimamanga pamwamba pa magolovesi kuti madzi asatsetserekere mkati.

Zoipa zake zilipo ndithu. Choyamba ndi mtundu, ndi yobiriwira modera, munthu wa pa Vinted sakupatsa mwayi wosankha. Mu December kuno dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 n'kulowa 4 koloko isanakwane, ndiye ndimapita mumdima n'kubwerera mumdima, ndipo timizere tonyezimira tomwe anaika n'tochepa ngati akuchita kuumira. Ndinachita kugula kavesiti kachikasu kotchipa kovala pamwamba, komwe kamatsekanso pang'ono kupuma kwa nsalu, ndiye mwaona, wagula chodula kenako wachiphimba ndi cha mapaundi 4. Mukakhala ndi mwayi wosankha tengani yowala, kapena zija zonyezimira thupi lonse galimoto ikawalitsa, ngati za Proviz kapena Night Vision za Altura. Chachiwiri imalira. Nsalu yake ndi youma, ukamayenda imangoti tswatswatswa, moti ndikalowa m'chipinda cha agogo ena ogona ndimayenera kuvulira pakhomo. Chachitatu matumba. Lili limodzi pachifuwa lokwana foni, ndi awiri m'mbali omwe lamba wa m'chiuno wa chikwama amawatseka, ndiye alipo koma ngati palibe. Ndipo musakhulupirire kuti thumba la jekete ya mvula ndi louma, foni imachita nthunzi mmenemo chifukwa cha kutentha kwa thupi, ine ndimaiika kaye m'kapepala ka pulasitiki.

Tsopano nkhani yochapa, pomwe ndinapalamula ndekha. Pamwamba pa nsalu ya kunja amapaka mankhwala otchedwa DWR, ndi amene amapangitsa madzi kuti azingopanga timipira n'kugubuduka ngati pa tsamba la koko. Anthu ambiri, ine ndemwe, timaganiza kuti amenewo ndiye oletsa madzi, ayi, oletsa madzi ndi membrane ya mkati. Ntchito ya DWR ndi kuti nsalu ya kunja isakhute madzi, chifukwa ikakhuta nthunzi ilibenso podutsa, thukuta lonse limatsalira mkati, iwe n'kumati jekete yayamba kudontha pomwe siikudontha. Ndiye ine ndi ukhondo wanga wa ku Malawi jekete yachiwiri ija ndinkaichapa ndi safu wamba n'kuthiranso zofewetsa zovala zija kwathu timangoti Sta-Soft, kuti izinunkhira bwino. Kumeneko kunali kuipha. Zofewetsa zimasiya mafuta pansalu omwe amakoka madzi m'malo mowathamangitsa. Kenako nditamva zimenezo ndinalumphira mbali ina, yachitatuyi ndinakhala miyezi inayi osaichapa kuopa kuiononga, mpaka mapewa anayamba kuda ndi madzi, kolala ikununkha. Nakonso n'kulakwa, litsiro ndi mafuta a thupi zimatseka timabowo ndipo zimadya guluu wa tepi.

Chomwe ndimachita pano: pakatha milungu inayi kapena isanu ndimatsuka kaye kabokosi ka sopo ka makina kuti musatsale safu, kutseka mazipi onse ndi zomata, kuchapa pa 30 ndi sopo wake wapadera, ine ndimagwiritsa Nikwax Tech Wash koma Grangers aliponso, kenako ndimaiponya mu dryer pa moto wochepa mphindi 20. Kutenthako kumadzutsa DWR, ukaitulutsa n'kuwaza madzi umaona timipira tabwerera. Opanda dryer ayironi ya moto wochepa imagwira, koma muyale kansalu pakati ndipo muyambe mwawerenga kachikalata ka mkati mwa jekete yanu chifukwa si zonse zimalola moto. Timipira tikasiya kubwerera ngakhale mwatenthetsa ndiye nthawi yopakanso yakwana, pali ya kuthira m'makina ndi ya kupopera, ine ndimakonda yopopera chifukwa ndimathira kwambiri m'mapewa ndi m'mikono momwe mumatha msanga. Dziwaninso kuti majekete atsopano ambiri anasiya mankhwala akale aja a PFAS chifukwa saola m'chilengedwe, ngakhale a Gore-Tex anabweretsa membrane ina yotchedwa ePE, ndiye DWR ya masiku ano imafuna kuchapidwa ndi kudzutsidwa pafupipafupi kuposa yakale. Musadabwe jekete yatsopano yodula ikayamba kuda mapewa patangotha miyezi iwiri, siinawonongeke, ikufuna kusamba.

China chomwe chinasintha zinthu kuposa mmene ndinkaganizira ndi chovala cha mkati. Ndinkavala tisheti ya kotoni pansi, nthawi zina ndi juzi pamwamba pake poopa kuzizira. Kotoni amamwa thukuta n'kulisunga, ndiye kaya jekete ipume bwanji iwe wavala chinyezi. Pano ndimavala kamalaya kopyapyala ka polyester kapena ka ubweya wa merino komwe ndinapeza mu charity shop, basi, ndi jekete pamwamba, ngakhale kunja kuli 3 digiri. Mphindi zisanu zoyamba umazizidwa mpaka kudzifunsa kuti ndinabweranji kuno, koma ukafika pa mlatho thupi latentha bwinobwino. Ukanyamuka pakhomo ukumva kufunda ndiye kuti wavala zambiri. Yunifolomu ndimanyamula m'chikwama n'kukasintha kuntchito. Ndipo chikwamacho pamapeto pake ndinachichotsa kumsana, ndinamangitsa kaliyala n'kugula chikwama chopachika m'mbali, chifukwa pomwe chikwama chagona pamsana palibe nsalu yomwe ingapume, pamakhala chigamba cha thukuta basi. Madigadi nawonso, ikani madigadi abale, theka la madzi omwe amakunyowetsani pa njinga sachokera kumwamba, amachokera pansi ndipo ndi akuda.

Funsani kuntchito kwanu ngati ali mu Cycle to Work, ndondomeko ya boma la UK yogulira njinga kudzera kuntchito, chifukwa kupatula njinga ndondomekoyi imalolanso zinthu ngati helemeti, magetsi ndi zovala za njinga, ndalama amadula pang'onopang'ono pa malipiro msonkho usanachotsedwe. Ine ndinazidziwa mochedwa nditagula kale.

Yakumana nazo zingapo jekete imeneyi. Mvula yeniyeni yamphamvu ya mphindi 40 ndafikapo kuntchito pachifuwa ndi m'mikono muli mouma, kumsana kokha kachinyontho ka thukuta koti kamauma ndisanamalize tiyi. Tsiku la mphepo yamkuntho ya Storm Éowyn, 24 January 2025, pomwe anapereka chenjezo lofiira, sindinayese n'komwe, imeneyo si nkhani ya jekete, njinga inagona m'nyumba. M'chilimwe cha kuno, kukafika 17 kapena 18 digiri n'kumagwa mvula, imatentha ngakhale mazipi onse ali pululu, ndiye nthawi zina ndimangosankha kunyowa ndi mvula n'kukasintha.

Zimenezi zikundikumbutsa msuweni wanga yemwe amapalasa kabaza ku Dedza. Ataona chithunzi pa WhatsApp anati achimwene imeneyo mukabwera mundisiyire. Ndinamuuza kuti ndikusiyira koma usayembekezere zodabwitsa. Mvula ya kwathu imagwa nthawi yotentha, January kunja kuli chinyontho ndi kutentha, iwe wanyamula munthu ndi thumba la chimanga pa kaliyala, kusiyana kwa mkati ndi kunja komwe membrane imadalira kulibe, ndiye uphikika chimodzimodzi ngati wavala renikoti ya pa msika. Kwa iyeyo chomuthandiza ndi chija chovala chotambalala chongopisa mutu, chophimba mpaka pa handulo, mphepo imalowa pansi momasuka, ndipo mtengo wake sufika n'kotala komwe. Kuno chimavuta chifukwa cha mphepo ya pa Clyde, chimasanduka tanga ya ngalawa. Mwina ku Dedza m'miyezi ya June ndi July m'mawa kukuzizira ndi nkhungu ingamuthandize, kumeneko kuzizira amakudziwa.

Ndipo kwa amene muli kumudzi mumapeza majekete otere pa kaunjika, chifukwa amapezeka ndithu, ena a mayina akuluakulu pa mtengo wozizira: musayang'ane kunja kokha. Itembenuzeni. Onani tepi ya pa misoko makamaka pakhosi ndi m'mapewa, ikokeni pang'ono ndi chala, ikamatuka isiyeni. Onani ngati mkati mukusupuka kapena mukutuluka tiufa toyera, imeneyo yafa kale ndipo palibe telala angaidzutse, ndiponso telala akasoka ndi singano ndiye kuti waboola mabowo atsopano. Iyang'anitseni kudzuwa muone ngati pali poonekera. Zipi ikhoza kusinthidwa, DWR ikhoza kupakidwanso, koma membrane ikasupuka basi mwagula chotchinga mphepo.

Pa Vinted ndinachitanso chimodzimodzi, ndinamupempha wogulitsa uja kuti anditumizire zithunzi za mkati, pakhosi ndi kukhwapa, asanandiuze n'komwe za mtundu. Anadabwa koma anatumiza. Mayi a ku Thyolo aja pano akufuna yawo, ayamba kupalasa kuchokera ku Maryhill, ndiye Loweruka tikupita limodzi ku Braehead kukayesa masaizi, ndawauza kale kuti akavale juzi yopyapyala ndipo akakonzeke kuwerama pakati pa shopu anthu akuona.